Kuphatikiza Zithunzi pa Foni: Kabuku ka Mabanja a ku Kalomwe

MAWU OYAMBA

Mafoni ojambula afika m'makomo ambiri kuno ku Kalomwe ndi m'midzi yonse ya Angónia. Ena tinagula tokha titagulitsa fodya, soya kapena mbatatesi, ena anatitumizira ana athu amene ali ku Tete, ku Beira, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Koma zithunzi zambiri zimene timajambula zimangodzaza foni popanda ntchito. Tikafuna kuonetsa munthu wakutali mmene munda ulili, timatumiza zithunzi khumi motsatizana, mamega n'kutha, wolandirayo osamvetsa n'komwe chimene tikufuna kuti aone.

Kabuku aka kakuphunzitsani kutenga zithunzi zingapo n'kuziika pa tsamba limodzi kuti zifotokoze nkhani imodzi. Kalembedwera amayi, abambo ndi achinyamata amene ali ndi foni yojambula, ngakhale yotsika mtengo. Werengani foni ili m'manja, ndipo muziyesa chilichonse pomwepo. Ngati maso akuvutani, mwana wasukulu akuwerengereni mokweza, koma kudinako muzidina nokha, chifukwa chala chimene chadina ndicho chimakumbukira.

GAWO 1: PHINDU LA CHITHUNZI CHOPHATIKIZA

Chithunzi chophatikiza ndi tsamba limodzi logawidwa timabokosi, kabokosi kalikonse kali ndi chithunzi chake. Ubwino wake ndi uwu:

- Chimapulumutsa mamega. Chithunzi chimodzi chimadya bandulo yochepa kusiyana ndi zinayi, kwa inu wotumiza ndi kwa wolandira yemwe.
- Chimadutsa ngakhale netiweki ikhale yofooka. M'madambo ndi kuseri kwa mapiri, mukatumiza zithunzi zinayi zimatha kupita ziwiri, zina n'kukakamira panjira.
- Sichimwazikana. Pa gulu la WhatsApp la anthu ambiri, zithunzi zotumizidwa chimodzichimodzi zimalowana ndi mauthenga a ena.
- Chimaonetsa kusintha. Munda wa mu Disembala ukakhala pambali pa munda womwewo wa mu Malichi, munthu safunikanso kumufotokozera zambiri.
- Potsukitsa mumalipira pepala limodzi lokha.

Koma dziwaninso kuipa kwake. Zithunzi zikachuluka pa tsamba limodzi zimakhala ngati chimanga chodzala mothithikana: zonse zimaonda. Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo, ndipo WhatsApp potumiza imachepetsa chithunzi kuti mbali yake yaitali ikhale ndi mapikiselo a m'ma 1600 basi. Mukaikapo zithunzi zisanu ndi zinayi, chilichonse chimalandira gawo laling'ono kwambiri moti nkhope za anthu kapena mawanga a pa tsamba la mbewu saonekanso.

Choncho gwirani lamulo ili: nkhani imodzi, zithunzi ziwiri mpaka zinayi.

GAWO 2: ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

1. Foni ya Android monga Tecno, itel, Infinix kapena Samsung, yokhala ndi moto wokwanira.
2. Malo osungira. Foni ikadzaza, chithunzi chatsopano chimakana kusungika. Yambani mwafufuta mavidiyo akale a m'magulu a WhatsApp, chifukwa ndiwo amadya malo ambiri.
3. Pulogalamu yophatikizira zithunzi.

Musathamangire kulowetsa pulogalamu yatsopano musanaone zimene foni yanu ili nazo kale. Tsegulani posungira zithunzi, polembedwa Gallery, kapena Galeria ngati foni yanu ili pa Chipwitikizi, ndipo fufuzani mawu akuti Collage kapena Colagem. Mafoni a Samsung ali nawo mu Gallery momwemo. Mafoni ambiri amabweranso ndi Google Photos, imene pa Chipwitikizi imalembedwa Google Fotos, ndipo imaphatikiza zithunzi kwaulere.

Ngati zimenezi mulibe, mu Play Store muli mapulogalamu monga InShot, PicCollage ndi Picsart. Canva ndi yabwino popanga zolengeza ndi makhadi oitanira anthu, koma imadalira kwambiri intaneti. Posankha, onetsetsani zinthu zinayi izi:

- Kukula kwake. Play Store imaonetsa kuchuluka kwa ma MB a pulogalamu musanailowetse. Ngati ndi yaikulu, dikirani bandulo yausiku kapena pamene mwapeza Wi-Fi.
- Zimene ikupempha. Pulogalamu ya zithunzi imafunika chilolezo choona zithunzi, mwinanso kamera. Ikapempha kuwerenga mauthenga anu a SMS kapena mayina a anthu a mu foni yanu, ikaneni ndipo ichotseni.
- Kugwira ntchito popanda intaneti. Ikani foni pa chizindikiro cha ndege, kenako yesani kuphatikiza zithunzi ziwiri. Ikatheka, pulogalamuyo ikuthandizani ngakhale kumunda. Kuzimitsa data pogwira ntchito kumachepetsanso zotsatsa malonda zimene zimangotulukira n'kumadya mamega.
- Msampha wa malipiro. Mapulogalamu ambiri amalonjeza masiku angapo aulere, akatha n'kuyamba kudula ndalama. Mukaona Free trial kapena Teste grátis, funani kachizindikiro ka X pakona n'kutseka. Musalembe nambala ya khadi lanu la kubanki.

Mnzanu akafuna kukupatsani pulogalamu kudzera pa Xender kapena Bluetooth, samalani. Pulogalamu yosadziwika kumene inachokera imatha kubwera ndi zoononga foni kapena zoba zinsinsi zanu.

GAWO 3: YAMBANI NDI ZITHUNZI ZABWINO

Palibe pulogalamu imene ingakonze chithunzi chojambulidwa mwachisawawa. Musanajambule, chitani izi:

1. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Foni yokhala m'thumba limodzi ndi makiyi, kapena yogwiridwa ndi manja a ndiwo, imatulutsa zithunzi zachimbuuzi. 
2. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, kuwala kugwere pa chimene mukujambula. Mukajambula moyang'ana dzuwa, nkhope zimada bii. Nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma kapena dzuwa litapendeka. Masana, aimikeni anthu pa mthunzi wa mtengo kapena pakhonde.
3. Sendezani mapazi, osati kukoka chithunzi ndi zala. Mafoni otsika mtengo amaononga chithunzi mukachikoka kuti chiyandikire.
4. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti. Gundani kamodzi pa sikirini pamalo pamene mukufuna kuti paoneke bwino, dikirani pang'ono, kenako jambulani.
5. Siyani mpata m'mbali. Timabokosi timadula m'mphepete mwa chithunzi, ndiye mutu wa munthu ukakhala pamwamba penipeni udzadulika.
6. Zithunzi za tsamba limodzi zikhale zoimirira zonse kapena zogona zonse. Zosakaniza zimavuta kulowetsa m'timabokosi.
7. Onani zimene zili kumbuyo: zovala zoyanika, chimbudzi, kapena munthu wongodutsa amene sanapemphedwe.

GAWO 4: NDONDOMEKO YA KAPHATIKIZIDWE

Musanagwire foni, yankhani mafunso awiri. Ndikufuna kuuza ndani? Ndikufuna adziwe chiyani? Yankho likhale la chiganizo chimodzi, monga "Ndikufuna alangizi aone chimene chikudya chimanga changa." Chithunzi chilichonse chimene sichikuthandiza chiganizocho chisiyeni, ngakhale chikhale chokongola.

Pa Google Photos chitani motere:

1. Tsegulani pulogalamuyi.
2. Dinikizani chala pa chithunzi choyamba mpaka pataoneka kachizindikiro kochonga.
3. Gundani zithunzi zina zimene mwasankha. Imalola mpaka 6, koma inu kumbukirani lamulo lija.
4. Dinani chizindikiro cha +, kenako sankhani Collage kapena Colagem.
5. M'munsi mutuluka mafelemu osiyanasiyana. Sankhani ya timabokosi toongoka, yokhala ndi mzere woyera wolekanitsa zithunzi.
6. Kuti zithunzi zisinthane malo, dinikizani chimodzi n'kuchikokera pa kabokosi kena. Anthu amayamba kuona kumanzere pamwamba, ndiye choyamba cha nkhani yanu chikhale pamenepo.
7. Kuti chithunzi chikhale bwino m'kabokosi, chisuntheni ndi chala chimodzi, kapena tambasulani zala ziwiri kuti chikule.
8. Dinani Save, imene pa Chipwitikizi ndi Guardar kapena Salvar. Zithunzi zanu zoyamba zija siziwonongeka, foni imapanga china chatsopano.

Pa InShot ndi mapulogalamu ena njira ndi yofanana: mumayamba ndi batani la Collage, kusankha zithunzi, kusankha felemu, n'kusunga. Malo a mabatani amasintha pulogalamu ikakonzedwanso, choncho gwirani mawu ndi zizindikiro, osati malo ake.

Maonekedwe a tsamba. Mapulogalamu ambiri amafunsa kukula kwa tsamba ndi manambala awa:

- 1:1 ndi tsamba lofanana mbali zonse, labwino pa magulu a WhatsApp ndi pa Facebook.
- 9:16 ndi lalitali loimirira, lodzaza sikirini yonse, la pa Status.
- 2:3 kapena 3:2 ndi loyenera pepala la zithunzi la masentimita 10 ndi 15.
- 5:7 ndi loyandikira pepala la A4.

Kulemba mawu. Njira yapafupi ndi ya pa WhatsApp pomwepo: mukasankha chithunzi choti mutumize, dinani chizindikiro cholembera mawu pamwamba, lembani mawu anu, n'kuwakokera pamalo opanda nkhope. Mawu olembedwa pa chithunzi penipeni amayenda nacho kulikonse, pamene olembedwa m'munsi mwake amatsala munthu akachisunga mu foni kapena akachitsukitsa. Lembani mawu ochepa, akuluakulu, oyera pamalo akuda kapena akuda pamalo oyera. Tsiku lisasowe. Timaluwa, timitima ndi nyenyezi zisungireni za chikondwerero.

GAWO 5: NTCHITO ZINAYI ZA PAKHOMO

A. Kufunsa alangizi za matenda ndi tizilombo

Mlangizi wa zaulimi amayang'anira midzi yambiri, ndipo nthawi ya mvula misewu ina njinga yamoto sidutsa. Kaya ndi wochokera ku ofesi ya boma ya SDAE ku Ulongwe, wa kampani ya fodya kapena wa bungwe lina, angathe kukuthandizani msanga ngati mwamutumizira zimene akanayang'ana akanakhala kuti wafika. Jambulani zinayi izi:

1. Munda wonse, kuti aone ngati vutoli lili ponseponse kapena chigawo chimodzi.
2. Mbewu imodzi yodwala, kuyambira pansi mpaka kunsonga.
3. Tsamba lodwala chapafupi.
4. Kachilomboko, kapena kunsi kwa tsamba.

Pa chimanga, mbozi ya ntchemberezandonda imene inabuka kuno kummwera kwa Africa m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017 imabisala mkati mwa nsonga. Kanulani nsongayo pang'ono mujambule ndowe zake zooneka ngati utuchi wonyowa. Kenako itulutseni mboziyo, muiike pa pepala loyera pambali pa kamtengo ka machesi kuti kukula kwake kudziwike. Yesetsani kuti mutu ndi kumchira zioneke: pamutu pake pali chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala m'ngodya zinayi. Zizindikiro ziwirizi ndizo zimaisiyanitsa ndi kapuchi ndi mbozi zina.

Pa mbatatesi ndi tomato, chiwawu chimakonda nyengo yozizira ndi yachinyontho ngati ya kumapiri kuno. Pamwamba pa tsamba pamaoneka mawanga oderako onga opsa, koma umboni weniweni uli kunsi kwake, kumene m'mphepete mwa banga mumamera nkhungu yoyera m'mawa. Tembenuzani tsambalo mujambule mame asanaume.

Pa chithunzipo lembani dzina la mbewu, tsiku lodzala ndi tsiku lojambula. Musasinthe mtundu wa chithunzi ndi zokongoletsa zilizonse, chifukwa mlangizi amawerenga matenda poona chikasu, kufiira ndi kuda kwa masamba. Ziweto zikadwala, monga nkhumba pa chigodola kapena nkhuku pa chitopa, tumizani chithunzi ndipo muimbenso foni tsiku lomwelo. Musalowe m'khola la mnzanu kukajambula, chifukwa matendawa amayenda ndi nsapato ndi zovala.

Njira yomweyi ikuthandizani kuyerekeza kalimidwe. Ngati mbali ina mwathira manyowa, ina feteleza wa 12-24-12 ndi urea, khomani chikhomo m'mphepete mwa munda ndipo muziima pa chikhomocho nthawi zonse pojambula: mu Disembala, mu Januwale, mu Malichi, ndi pokolola. Zinayizo zikakhala pamodzi, banja lidzakambirana za chaka chamawa likuona ndi maso.

B. Kutsatsa zokolola

Ogula mbatatesi, nyemba ndi soya ena amachokera kutali, ndipo safuna kuotcha mafuta a galimoto asanaone katundu. Aonetseni izi:

1. Mulu wonse kapena matumba onse.
2. Mbatatesi zingapo pa dzanja, pambali pa bokosi la machesi.
3. Imodzi yodula pakati, kuti aone kuti mkati ndi mwabwino.
4. Muyezo umene mukugulitsira, kaya ndowa, thumba kapena sikelo.

Lembani mtengo, muyezo, dera ndi tsiku. Pano pamalire pamayenda ndalama ziwiri, ndiye nambala yokha siyokwanira: lembani MT ngati ndi metikali, MK ngati ndi kwacha. Wogula wa ku Dedza kapena ku Lizulu akawerenga nambala yopanda chizindikiro adzaganiza makwacha, wa ku Tete adzaganiza mametikali, mkangano n'kubuka katundu atakwera kale. Status ya WhatsApp imazimiririka pakatha maola 24, koma chithunzi chotumizidwa pa gulu chimatha kuzungulira miyezi. Tsiku lolembedwa limakutetezani kwa wofuna mtengo wakale.

Jambulani katundu weniweni amene muli naye. Wogula amene mwamuonetsa zikuluzikulu zokhazokha n'kupeza zing'onozing'ono pansi pa thumba sabweranso, ndipo amauza anzake.

C. Kupereka lipoti kwa achibale otumiza ndalama

Nkhani ya ndalama zomangira nyumba yadanitsa abale ambiri. Wotumiza ali kutali amakayika, woyang'anira ntchito amakhumudwa kuti sakukhulupiriridwa. Gwirizanani kuti pakutha pa mwezi uliwonse pazipita chithunzi chimodzi chokhala ndi nyumba yonse mutaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, gawo limene lamangidwa mweziwo, zipangizo zotsala monga simenti ndi malata, ndi malisiti. Lisiti ijambulidwe itayalidwa pamalo osalala. Ngati manambala sakuwerengeka m'kabokosi, itumizeni payokha. Makomiti a mjigo, a sukulu ndi a tchalitchi angachitenso chimodzimodzi pouza anthu mmene zopereka zawo zayendera.

D. Kusunga mbiri ya banja

Mabanja ambiri kuno ali ndi zithunzi zakale zochepa kwambiri. M'zaka za nkhondo anthu ochuluka a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi nkhondoyo isanathe ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Katundu wambiri anatayika, ndipo abale ena anakhazikika tsidya linalo. N'chifukwa chake mupeza kuti chithunzi chokhacho cha agogo chili kwa azakhali ku Malawi, cha ukwati wa makolo chili m'sutikesi ku Domwe. Foni ingathe kuzibweretsa pamodzi.

Pojambula chithunzi chakale cha papepala, chitulutseni mu felemu yagalasi ngati sichinamatirire, chiyaleni pa tebulo pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuomba, zimitsani fulashi, ndipo foni ikhale pamwamba pake mosapendeka. Pulogalamu ya PhotoScan ya Google imathandiza kuchotsa kunyezimira. Mukatero phatikizani mibadwo: agogo, makolo, inu ndi ana. Lembani mayina, mfunda ndi mudzi wa kwawo akuluakulu amene akudziwa adakali moyo. Za chinkhoswe, ukwati, ubatizo, kumaliza sukulu ndi kuvundukula chiliza, sankhani chithunzi chimodzi chachikulu cha eni mwambo, zinazo zikhale zazing'ono m'mbali.

GAWO 6: KUTUMIZA, KUTSUKITSA NDI KUSUNGA

Kutumiza. Pa nkhani wamba tumizani monga mwa masiku onse. Ngati pali timalembo kapena tizilombo tofunika kuoneka bwino, dinani HD pamwamba musanatumize. WhatsApp inayamba njira imeneyi mu 2023. Mukafuna kuti chithunzi chifike chosachepetsedwa n'komwe, dinani kachizindikiro kolumikizira n'kusankha Document kapena Documento. Njira ziwirizi zimadya mamega ochulukirapo. Wokhala naye pafupi mpatseni pa Bluetooth, sipafunika bandulo.

Chenjezo la pamalire. Kuno foni imatha kudumphira pa netiweki ya TNM kapena Airtel ya ku Malawi pamene simu yanu ndi ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ndipo intaneti ya dziko lina imadula kwambiri. Lowani mu Settings kapena Definições, muzimitse Data roaming, imene pa Chipwitikizi ndi Roaming de dados. Ngati muli ndi masimu awiri, onetsetsani kuti data ikuchokera pa simu imene mwagulira bandulo.

Kutsukitsa. Chithunzi chooneka bwino pa foni chimatha kutuluka chophwanyika papepala. Pepala la masentimita 10 ndi 15 limafuna mapikiselo pafupifupi 1200 ndi 1800, pamene la A4 limafuna 2480 ndi 3508 kuti lituluke bwino kwambiri. Posunga, sankhani mlingo wapamwamba ngati pulogalamu ikufunsa. Kwa wotsuka zithunzi, kaya ku Ulongwe kapena pa Dedza, perekani chithunzicho pa chingwe, pa Bluetooth kapena ngati Document. Mpempheni akuonetseni pa kompyuta asanasindikize, muone ngati mitu kapena mawu sanadulike. Sankhani nokha chithunzi chimene mukupereka, osamusiyira foni yosatseka. Kunyumba, chipachikeni kutali ndi utsi, chinyontho ndi dzuwa.

Kusunga. Foni imabedwa, imagwa m'madzi, imafa. Memori khadi imathandiza foni ikawonongeka, koma ikabedwa zimapitira limodzi. Akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Yatsani Backup mu Google Photos, koma muike kuti izigwira pa Wi-Fi pokha kuti isamalize bandulo mwakachetechete. Dzina la akauntiyo ndi mawu ake achinsinsi lembani m'kope losungidwa bwino kunyumba. Zithunzi zofunika kwambiri tumizaninso kwa m'bale mmodzi wodalirika.

GAWO 7: ULEMU NDI CHITETEZO

Chithunzi chikachoka mu foni yanu simungachibwezenso. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko la Mozambique limateteza ulemu wa munthu, mbiri yake yabwino, chithunzi chake pamaso pa anthu ndi moyo wake wamseri. Mwambo wathu nawonso umanena zomwezo.

- Pemphani kawiri. Kulola kujambulidwa si kulola kuikidwa pa Facebook. Mukamaliza kuphatikiza, aonetseni eni nkhope musanatumize.
- Samalani amene mukuwaika moyandikana. Mwamuna wa mwini ndi mkazi wa mwini akakhala m'timabokosi togundana, pali kamtima pakati, mudzi wonse uyamba kulankhula.
- Ana. Musatumize chithunzi cha mwana ali maliseche kapena akusamba, ndipo musaphatikize nkhope yake, dzina lake lonse ndi dzina la sukulu yake pa tsamba lopita kwa anthu osawadziwa. Wina akamagwiritsa ntchito zithunzi poopseza kapena kunyengerera mwana, kaneneni kupolisi kapena imbani 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança.
- Odwala, ovulala pa ngozi ndi maliro. Musajambule popanda chilolezo cha eni mbumba. M'bale wakutali asamve za imfa poona Status ya munthu wina.
- Miyambo. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma izi sizikupereka ufulu wojambula paliponse. Pabwalo, yambani mwapempha kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambo. Za kudambwe ndi za kutsimba sizijambulidwa.
- Ziphaso ndi ndalama. BI, NUIT, khadi la kubanki ndi mauthenga a M-Pesa, e-Mola kapena mKesh zisalowe m'chithunzi chopita pa gulu. Musaonetsenso mipukutu ya ndalama mukagulitsa fodya, kapena malo amene mwasunga matumba. Akuba nawonso ali ndi mafoni.

Kumbukiraninso kuti luso limeneli akathyali akulidziwa. Amatola zithunzi za feteleza, njinga zamoto kapena mapanelo a sola pa intaneti, n'kuziphatikiza bwinobwino ndi mtengo wotsika, kenako n'kupempha kuti mutumize ndalama yoyambira. Muuzeni wogulitsayo ajambule katunduyo pamodzi ndi kapepala kolembedwa pamanja dzina lanu ndi tsiku la lero. Akayamba kuzemba, dziwani kuti katundu palibe. Ngakhale atatumiza, ndalama perekani mutaona katundu ndi maso.

GAWO 8: MAVUTO OFALA NDI MAYANKHO AKE

Mitu yadulika. Sunthani chithunzi m'kabokosi, kapena sankhani felemu ya timabokosi toimirira.

Nkhope zatalika kapena zafutukuka. Mwakoka chithunzi mbali imodzi yokha. Bwererani m'mbuyo, mukulitse ndi zala ziwiri.

Pakona patuluka dzina la pulogalamu. Umo ndi mmene mapulogalamu ena aulere amachitira. Gwiritsani ntchito Google Photos kapena Gallery.

Chithunzi chikukana kusungika. Malo atha, kapena pulogalamu sinapatsidwe chilolezo cha zithunzi.

Foni ikuima kapena kutentha. Tsekani mapulogalamu ena, chepetsani zithunzi, ndipo musagwire ntchitoyi foni ili pa chaja.

Mwasunga koma simukuchipeza. Yang'anani mu Albums kapena Álbuns, pa dzina la pulogalamu imene munagwiritsa ntchito.

ZOYESERERA PAGULU

Ku kalabu ya alimi, ku banki m'khonde kapena ku gulu la amayi a mpingo, khalani awiriawiri, wodziwa ndi wosadziwa.

1. Aliyense anene chiganizo chimodzi cha nkhani imene akufuna kufotokoza.
2. Ajambule zithunzi zitatu pabwalo pomwepo, aziphatikize, alembepo tsiku.
3. Apereke foni kwa mnzake osalankhula kanthu. Mnzakeyo anene chimene wamva. Akalondola, chithunzicho chagwira ntchito. Akaphonya, kambiranani chofunika kuchotsa kapena kuwonjezera.
4. Kambiranani: ndi zithunzi ziti zimene gulu lathu siliyenera kulandira kapena kutumiza kwa ena?

MAWU OMALIZA

Amayi ndi abambo, ntchitoyi sifuna foni yodula kapena sukulu yambiri. Imafuna kudziwa chimene mukufuna kunena, kusankha zithunzi zochepa zooneka bwino, kulemba tsiku, ndi kupempha chilolezo kwa amene mwawajambula. Sabata ino pangani chithunzi chophatikiza chimodzi cha munda, cha malonda kapena cha banja lanu. Mukachidziwa, phunzitsani wina wa pakhomo panu, makamaka amayi ndi agogo, kuti luso limeneli lisakhale la achinyamata okha.